Musanagule mfuti yosakira, tamvani izi

Sabata ziwiri zapitazo, pa pologalamu yathu ya alimi pa wailesi, bambo wina wa ku Mualadzi adaimba lamya ndi funso limene lidandisowetsa chonena. Iwo adati fodya wawayendera bwino chaka chino, tsono akufuna mfuti yopepuka yoti azikwera nayo mapiri posaka agwape ndi mbawala, ndiponso yothana ndi nguluwe zimene zawathera chimanga kudimba. Nthawi idatha ndisanawayankhe. Poti safunsa adadya phula, ndidakayamba ndafunsa kwa alenje akale ndi kwa odziwa malamulo, ndipo zimene ndidapeza ndi izi.

Nkhani ya mfuti zopepuka idachokera ku Ulaya ndi ku America. Kumeneko alenje amayenda tsiku lonse m'mapiri kusaka nyama zonga mbawala, za nyanga zanthambi zimene zimathothoka chaka ndi chaka. Nyama zimenezo kuno kwathu kulibe, koma vuto la mlenje ndi limodzi: katundu amene m'mawa amaoneka wochepa, pofika madzulo amakhala atadula phewa. Mfuti wamba yosakira, pamodzi ndi galasi loonera patali, imalemera makilogalamu 3.5 mpaka 4.5. Zimene amazitcha zopepuka sizipitirira makilogalamu atatu, ngati kunyamula malita atatu a madzi. Mfuti yakale ya Angerezi ija ya .303, imene makolo athu ankaiona ku Zambia ndi ku Malawi, inkalemera pafupifupi makilogalamu anayi.

Koma kupepukako kuli ndi mtengo wake. Wonga ukaphulika, mphamvu imene ikukankha chipolopolo kutsogolo ndi yomweyo imene imakankha mfuti kumbuyo. Mfuti yolemera imameza mphamvuyo, pamene yopepuka imaitula yonse paphewa la mwini wake. Munthu akamenyedwa kawiri katatu amayamba kuiopa mfuti yake, amatsinzina ndi kudzidzimuka asanaombe n'komwe, ndipo chipolopolo chimapita kwina. Kuonjezera apo, mfuti yopepuka imagwedezeka msanga m'manja mwa munthu amene akupuma wefuwefu atangokwera chitunda. Ndiye kupepuka kokha sikokwanira. Mfuti iyenera kulingana ndi thupi la mwini wake ndiponso ndi nyama imene akuifuna.

Gwape wamkulu amalemera makilogalamu 15 kapena 20, mbawala yamphongo imapitirira 50, pamene ngoma yamphongo imafika 200 ndi kuposa. Kamfuti ka .22 ndi kopepuka, zipolopolo zake n'zotsika mtengo, ndipo sikamenya phewa. Koma chipolopolo chake sichikwana ngakhale magalamu atatu. N'cha akalulu ndi nkhanga. Mukalasa nacho mbawala kapena nguluwe, kawirikawiri nyamayo imathawa ndi bala n'kukafera kutali patapita masiku, inu osadya, iyo itazunzika chabe. Alenje onse amene ndidacheza nawo adandichenjezanso kuti mbawala yamphongo yolasidwa imabisala m'zitsamba n'kutembenukira galu kapena munthu ndi nyanga zake.

Kwa nyama za msinkhu wa gwape ndi mbawala, alenje a m'maiko ambiri amakonda .243, imene chipolopolo chake chimalemera magalamu 6 ndi theka ndipo siikankha kwambiri. Ya .308 imaponya chipolopolo cha magalamu pafupifupi 10. Imagwetsa ngoma, koma ikakhala yopepuka imamenya zedi. Mfuti ya machaka, yomwaza tizipolopolo tambiri, imathandiza m'tchire lothithikana, koma nyama ikatalikira mamita 40 mwataya wonga wanu.

Pali mfuti ziwiri zimene anthu amanong'onezana m'midzi ya m'malire muno, ndipo zonse ndi msampha. Yoyamba ndi gogodela, yosula kumudzi ndi paipi wamba. Paipi yotere siidapangidwe kuti ipirire kuphulika kwa wonga, ndipo tsiku lina imang'ambika. Malume anga adakalamba ndi zala zitatu kudzanja lamanzere chifukwa cha gogodela imene ankaitama kuti siphonya. Yachiwiri ndi AK-47 yotsala pankhondo. Imeneyi ndi mfuti ya asilikali, munthu wamba saloledwa kukhala nayo, ndipo palibe chiphaso chosakira chimene chimaivomereza.

Achikulire akukumbukira kumene mfuti zimenezi zidatifikitsa. Mabanja ambiri a kuno adathawira ku Malawi, ena ku Ukwimi m'boma la Petauke, mpaka mtendere udasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992. Mu 1995 bungwe la mipingo la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, lidayamba ntchito yosinthitsa mfuti ndi makasu, njinga, malata ndi makina osokera. Mfuti zina zidadulidwa n'kusanduka zosemasema, ndipo mpando wina wopangidwa ndi mfuti zimenezo udakafika ku British Museum ku London. Chaka chomwecho apolisi athu ndi a ku South Africa adayamba Operation Rachel, yofukula ndi kuononga zida zokwiriridwa m'tchire. Munthu amene akukugulitsani AK-47 lero akukugulitsani ndende.

Ngakhale mfuti yabwino yogula m'sitolo imafuna mapepala. Chiphaso chokhala ndi mfuti chimachokera ku polisi, pamene chilolezo chosakira ndi china, ndipo chimanena mtundu wa nyama ndi malo osakako. Nthawi ya dzinja, pamene nyama zikuswana, uzimba ndi woletsedwa. Kusaka ndi moto, ndi mankhwala akupha kapena ndi makhwekhwe a waya ndi mlandu. Lamulo losamalira zachilengedwe la 2014 lidakhwimitsidwa mu 2017, kotero kuti wopha nyama yotetezedwa, monga njovu kapena ngaka, angathe kukhala m'ndende zaka 12 mpaka 16. Kumbukiraninso kuti chiphaso cha kuno chimathera pa Cassacatiza. Mukaoloka nayo mfuti kupita ku Katete kapena ku Mchinji, kaya podzera njira ya njinga kukaona achibale, mwapalamula kale mlandu m'dziko la eni.

Chinanso ndi ngozi. Chipolopolo cha .22 chomwe timachiderera chija chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. M'madambo a Luia ndi Capoche muli amayi otunga madzi, ana oweta ng'ombe ndi anthu a m'madimba. Mlenje weniweni saombera tchire chifukwa lagwedezeka. Amadikira aone nyama yonse ndi chimene chili kuseri kwake. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pofika pamudzi amachotsa zipolopolo, n'kusunga mfuti kwina, zipolopolo kwina, kumene mwana sangafike.

Nanga nguluwe zija? Nkhani ya nyama zoononga mbewu imayambira kwa amfumu, ndipo kuchokera apo imapita ku ofesi ya zaulimi ya boma lathu, ya SDAE. Alimi oyandikana madimba akalondera mosinthana, ndi kukumba ngalande kapena kumanga mpanda wolimba, amapulumutsa chimanga chambiri pa mtengo wochepa. Anzathu a ku Bawa, kufupi ndi Zumbo, adaona kale m'zaka za m'ma 1990, pamene ntchito ya Tchuma Tchato idayamba, kuti nyama yosungidwa ingathe kubweretsa ndalama pamudzi kudzera mwa alendo olipira kuti asake mwalamulo.

Tsono kwa inu bambo a ku Mualadzi, yankho langa ndi lakuti yambani mwapita ku polisi mukamve zofunika musanatulutse ndalama. Akakuvomerani, musathamangire mfuti yopepukitsitsa. Sankhani imene mungainyamule tsiku lonse koma osaiopa poomba, ndipo gulani kwa wogulitsa wovomerezeka amene angakupezereninso zipolopolo zake. Akakukanani, ndalama ya fodyayo ikagule waya wa mpanda ndi mbuzi ziwiri. Ndiwo zidzakhalapo ndithu, ndipo usiku mudzagona m'nyumba mwanu.