Mukapita kukaona khanda, muyang'anenso mayi wake

Uthenga ukafika kumphakati kuti mnzathu uja wachira, inu amayi simuchedwa. Wina atapa ufa, wina atenga sopo, wina nkhuni ndi kachitenje, ulendo wokaona mlendo. Mukalowa m'nyumba, maso onse amathamangira pa khanda: wafanana ndi yani, akuyamwa bwino, mchombo wagwa? Mayi wake amakhala pambali pamphasa, atamanga duku mothinitsa. Mukamufunsa, amayankha motsitsa mawu kuti ali bwino, kungoti mutu ukuvuta kuyambira dzana. Ndiye timamulimbitsa mtima kuti ndi kusowa tulo, zitha.

Nthawi zambiri zimathadi. Koma nthawi zina mutu umenewo ndi chenjezo lomaliza sitiroko isanamugwire, matenda aja oumitsa ziwalo amene timaganiza kuti ndi a agogo okha. Ngozi ya uchembere siithera m'chipinda chochirira. Imamutsatira mayi kunyumba kwa masabata 6, ndipo m'masabata amenewo amene mumamuona kawirikawiri ndinu, osati anamwino.

Mayi akakhala ndi pakati, magazi m'thupi mwake amachuluka pafupifupi ndi theka, ndipo mtima umagwira ntchito ya anthu awiri. Magaziwo amafulumiranso kuundana, zomwe zimathandiza kuti asataye ambiri pochira. Mwana akabadwa, thupi silibwerera mwakale tsiku lomwelo. Kuthamanga kwa magazi, kumene tonse timangoti BP, kumakonda kukwera pakati pa tsiku lachitatu ndi lachisanu ndi chimodzi mayi atachira. Apa n'kuti ambiri atatuluka kale m'chipatala cha Mtengowanthenga, cha Madisi, cha Dowa kapena cha Ntchisi, ali kumudzi, kutali ndi makina oyezera.

BP ikakwera kwambiri, mtsempha wa mu ubongo ukhoza kuphulika. Magazi oundana nawo akhoza kutseka mtsempha. Njira zonse ziwiri mapeto ake ndi amodzi: mbali ina ya ubongo imasowa magazi, ndipo mkono, mwendo kapena lilime zimaleka kumvera mwini wake. Imeneyo ndiye sitiroko.

Pali vuto lina limene achipatala amalitchula kuti pre-eclampsia. Limayamba pakati pakadutsa masabata 20, BP n'kufika pa 140/90 kapena kupitirira, ndipo mkodzo ukayezedwa umaonetsa kuti impso zikuvutika. Likakula, mayi amakomoka n'kumaphupha ngati wakhunyu. Chimene ambiri sitidziwa n'chakuti vutoli likhoza kuyamba mwana atabadwa kale, ngakhale kwa mayi amene kusikelo BP yake inali bwinobwino miyezi yonse.

Si nkhani yaing'ono. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti m'Malawi muno amayi 439 amamwalira pa zifukwa za uchembere pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limaika matenda a BP pakati pa zinthu zikuluzikulu zimene zimapha amayi pa uchembere, pamodzi ndi kutaya magazi. Kafukufuku winanso wa 2009 anaonetsa kuti mwa Amalawi akuluakulu atatu alionse, mmodzi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri mwa iwo sadziwa. Ndiye kuti alipo amayi amene amatenga pakati BP ili kale m'thupi, iwo osadziwa.

Amene ayenera kuyang'aniridwa mwapadera ndi mtsikana wa pakati poyamba, mayi amene wapitirira zaka 35, woyembekezera mapasa, wodwala shuga, impso kapena BP, wonenepa kwambiri, ndiponso amene vutoli linamuchitikirapo kale, kapena linachitikira mayi ake kaya m'bale wake wa bere limodzi.

Tsono mukakhala naye pamphasa paja, mufunseni ndipo mumuyang'ane. Kodi mutu ukuwawa kwambiri, osamva Panado? Kodi akuona zinthu mwachimbuuzi, kapena tinyenyezi tikuthwanima m'maso? Kodi nkhope ndi manja zatupa, mwina mpaka mphete kukanika kutuluka? Kodi akumva kupweteka pansi pa nthiti chakumanja kapena pachifu? Kodi akubanika akagona chagada, kapena kupuma mwawefuwefu atangoyenda pang'ono? Kumeneku kukhoza kukhala kufooka kwa mtima, kumene kumagwira amayi ena chakumapeto kwa pakati ndi m'miyezi yoyamba atachira. Kodi mwendo umodzi wokha watupa n'kumapweteka? Chimodzi chokha mwa izi n'chokwanira kuti apite kuchipatala lero lomwe, osati mawa, osati podikira tsiku la sikelo ya mwana.

Sitiroko yeniyeni mukhoza kuizindikira ndi zinthu zitatu. Muuzeni amwetulire: kodi pakamwa papotokera mbali imodzi? Muuzeni akweze manja onse awiri: kodi wina ukugwa wokha? Muuzeni atchule dzina la mwana wake kapena la mudzi wake: kodi lilime likulemera, mawu osamveka? Mukaona chimodzi, fufuzani galimoto nthawi yomweyo. Musamumwetse madzi, phala kapena mankhwala alionse, ngakhale aspirin, chifukwa akhoza kutsamwa, ndipo ngati mtsempha waphulika aspirin amangoonjezera vuto. Akakomoka n'kumaphupha, mugonekeni chammbali, muchotse mbaula ndi china chilichonse chingamuvulaze, ndipo musamulowetse supuni mkamwa. Kumbukirani nthawi imene zayambira, mutenge kabuku kake ka kuchipatala, ndipo mukafika nenani msanga kuti mayiyu wangochira kumene.

Tinenepo za chinthu chimene chimatichedwetsa. Kwathu kuno munthu akatupa, mawu a mdulo kapena tsempho sachedwa kumveka. Anthu amayamba kufunsana kuti anathira mchere ndani, bambo anayenda kuti. Woyembekezera akatupa, ena amangoseka kuti ndi mapasa. Mayi akakomoka, ena amati zachokera kwa anthu. Pamene akuluakulu akukambirana, BP siidikira. Paja amati mapanga awiri avumbwitsa. Nkhani za pabanja zikhoza kukambidwa sabata yamawa, koma ubongo ukaonongeka subwerera msanga, ndipo nthawi zina subwereranso. Inu amayi a bungwe mawu anu amamveka kwa apongozi ndi kwa ankhoswe. Agwiritseni ntchito kuti wodwala ayambe wafika kuchipatala.

Kumeneko chithandizo chilipo. Kuyeza BP kumatenga mphindi zochepa. Alipo mankhwala otsitsa BP oyenera mayi woyembekezera ndi woyamwitsa, monga methyldopa ndi nifedipine, komanso jakisoni wa magnesium sulphate woletsa kukomoka. Zikavuta, achipatala amatumiza wodwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Ngati nkhawa ndi ndalama, funsani anamwino nthawi ya sikelo, pakuti zipatala zambiri za mishoni za CHAM zili ndi mgwirizano ndi boma pa chithandizo cha uchembere.

Kupewa kumayambira kusikelo. Kuyambira 2016 WHO imalangiza kuti woyembekezera aonedwe ndi achipatala ka 8, kuyamba m'miyezi itatu yoyambirira. Ulendo uliwonse BP iyezedwe, ndipo manambala ake alembedwe m'kabuku. Muuzeni mwana wanu kapena mpongozi wanu kuti kufunsa namwino kuti BP yanga lero ili pati si mwano. Akachira, aonedwe pasanathe maola 24, kenako tsiku lachitatu, kenako pakati pa tsiku la 7 ndi la 14, ndiponso pa masabata 6. Maulendo amenewa ndi a mayi, si a katemera wa mwana yekha. Amene amakhala kuseri kwa mapiri, kumene mvula ikagwa mitsinje imadula njira, ndi bwino akadikirire kuchipatala masiku akayandikira.

Ndipo amene BP inamuvuta pa uchembere asaiwale mwana akakula. Mayi wotere amakhala pa chiopsezo chachikulu, pafupifupi kuwirikiza kawiri, chodzadwala mtima kapena sitiroko m'tsogolo. Aziyezetsa BP chaka chilichonse, asasiye mankhwala chifukwa choti akupeza bwino, ndipo akadzatenganso pakati akanene tsiku loyamba la sikelo. Achepetse mchere. Mlingo wa munthu wamkulu pa tsiku supitirira magalamu 5, ngati kasupuni kamodzi ka tiyi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma ndi tizokometsera ndiwo tam'mapaketi. Chisoso, bonongwe, nkhwani, nyemba ndi nthochi za m'dimba mwathu ndi zabwino ku mtima.

Pa msonkhano wa bungwe ukubwerawu, werenganani: m'mphakati mwathu oyembekezera alipo angati, ochira kumene angati? Aliyense akhale ndi mayi mmodzi womuyendera sabata yoyamba, makamaka kuyambira tsiku lachitatu. Sungani nambala ya mwini galimoto kapena wa njinga yamoto amene angadzuke usiku, ndi kandalama kapadera m'thumba la bungwe kolipirira ulendo wadzidzidzi. Dziwananinso ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu.

Ufa, sopo ndi nkhuni zipitirire ndithu. Koma mukamaliza kulandizana khanda, sendezani mpando kufupi ndi mayi wake, mumugwire dzanja, muone ngati latupa, ndipo mumufunse za mutu uja kachiwiri.