Chitsime, mapu ndi mafuta: za ku Buraimi ndi za nyanja yathu

M'mwezi wa Epulo 2016, magalimoto anayamba kututa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kupita nawo ku Luwani, m'boma la Neno. Msasa wa Luwani unali wotseka kuyambira 2007, koma boma linautsegulanso chifukwa pamudzi wa Kapise ku Mwanza, pamene anthuwo ankafikira, panali patadzaza. Ambiri anachokera m'chigawo cha Tete. Ankayankhula chiyankhulo chomwechi, ena anali ndi abale awo tsidya lino, komabe m'kaundula analembedwa kuti alendo. Nkhondo imene anathawa sinali ya malire kapena ya mafuta. Chimene chinawasandutsa alendo pakati pa abale awo ndi mzere umene Angerezi ndi Apwitikizi anasainirana ku Lisbon mu 1891, wotsata zitunda zimene zimagawa madzi opita ku Shire ndi opita ku Zambezi. Mafumu a m'zitundazo sanafunsidwe.

Ife a m'mphepete mwa nyanja tili ndi mzere wathu wa mtundu womwewo. Pa 1 Julayi 1890, Angerezi ndi Ajeremani anachita pangano limene limadziwika ndi dzina la chilumba cha Heligoland. Ajeremani anatenga chilumbacho, Angerezi anasiyiridwa Zanzibar, ndipo malire a kumpoto kwa nyanja yathu anaikidwa pagombe la kum'mawa. Pa panganoli mpamene Malawi imaimirira ponena kuti madzi onse a kumpoto ndi athu. Tanzania imati malire ayenera kudutsa pakati pa nyanja, monga mmene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizanirana mu 1954 pa mbali ya Mozambique, pamene Likoma ndi Chizumulu zinatsala zathu. Tanzania inadzutsa nkhaniyi mu 1967, kenako inazizira kwa zaka makumi anayi, asodzi a mbali zonse akuponya makoka awo. Mu 2011 boma lathu linapereka chiphaso chofufuzira mafuta m'nyanja kwa kampani ya ku Britain yotchedwa Surestream Petroleum. Chaka chotsatira, mkangano unabuka ngati kuti unali usanagonepo. Akuluakulu anati mlandu suwola.

Zimene tikuzionazi zinachitikapo kale ku Arabia, kudera kumene tonse timayang'ana tikamaswali, ndipo mmene zinayendera kumeneko n'zoyenera kuzidziwa banja lililonse limene limadalira usipa ndi chambo.

Mafuko a m'chipululu, monga Al Murrah, Manasir ndi Bani Yas, analibe malire ojambula. Fuko lililonse linali ndi dera lake lotchedwa dira, kutanthauza zitsime zimene makolo awo anakumba ndi msipu umene ngamila zawo zinkadya. Dira inkakula ndi kuchepa malinga ndi mvula. Chilala chikagwa, fuko linkapempha kwa anzawo n'kukadyetsa kwawoko. Munthu ankadziwika ndi mtsogoleri amene ankamumvera ndi chitsime chimene ankamwapo, osati ndi mbali ya mzere imene anabadwira.

Kumapeto kwa 1922, pa doko la Uqair, nthumwi ya Britain Sir Percy Cox inakumana ndi Abdulaziz ibn Saud kuti agawe malire a Najd, Iraq ndi Kuwait. Ibn Saud anapempha kuti malire atsate mafuko ndi zitsime zawo. Cox anakana, natenga pensulo n'kujambula yekha pamapu. Kuwait inataya pafupifupi magawo awiri mwa atatu a dera limene inkati ndi lake. Pamene zinavuta kwambiri, Cox anasiya madera awiri opanda mwini mmodzi kuti mafuko a mbali zonse azidyetsamo ziweto. Chapafupi ndi mahema a msonkhanowo panali munthu wina wa ku New Zealand, Frank Holmes, amene sanabwerere za ngamila. Ankafuna chilolezo chofufuza mafuta.

Mafutawo anapezeka ku Bahrain mu 1932, ndipo mu 1938 anapezeka ku Dammam ndi ku Kuwait. Kuyambira pamenepo mchenga umene munthu ankaudutsa pa ngamila osaucheukira unasanduka chuma. Kampani ya Aramco ya Amereka inali ndi chilolezo cha dziko la Saudi Arabia. Makampani a gulu la Iraq Petroleum Company, m'mene Angerezi anali ndi mphamvu, anali ndi zilolezo za Abu Dhabi ndi Oman. Kampani iliyonse inkafuna kudziwa pamene dziko la mfumu yake likuthera, ndipo mfumu iliyonse inazindikira kuti dziko lake likatalika, thumba lake likulanso.

Mkangano waukulu unagwera pa Buraimi, dera la akasupe ndi mitengo ya tende lokhala ndi midzi isanu ndi inayi. Abu Dhabi inkati midzi isanu ndi umodzi ndi yake, Sultan wa ku Muscat ankati itatu ndi yake. Mu 1949 Saudi Arabia inati dera lonselo ndi lake, ndipo mu Ogasiti 1952 inatumiza Turki bin Utaishan ndi asilikali kukakhala m'mudzi wa Hamasa. Sultan Said bin Taimur anasonkhanitsa ankhondo ku Sohar, koma Angerezi anamuletsa. Mu 1954 mbali zonse zinavomera kuti mlandu ukaweruzidwe ndi amkhalapakati ku Geneva.

Apa mpamene nkhaniyi imandikhudza monga mphunzitsi wa chipembedzo. Popeza kunalibe mapu akale odalirika, umboni waukulu umene a Saudi anabwera nawo unali wa zakaat. Anasonkhanitsa makaundula osonyeza kuti mafuko akutiakuti ankapereka zakaat ya ngamila zawo kwa otolera a Ibn Saud, nati amene amalandira zakaat ya fuko ndiye mwini wa msipu wa fukolo, ndi zonse za pansi pake. Akatswiri a Aramco ndiwo anathandiza kulemba mabuku a umboniwo. Angerezi anayankha kuti zakaat ndi chopereka cha chipembedzo, kapena nthawi zina malipiro ogulira mtendere, ndipo siisonyeza umwini wa dziko. Taganizani: nsanamira yachitatu ya Chisilamu, imene Allah anaikhazikitsa kuti mmphawi adye ndi wangongole apepukidwe, ikukanganiridwa ndi maloya a ku London ndi a kampani ya mafuta, aliyense akuipotoza kuti igwirizane ndi mapu ake. Mbusa amene anapereka mbuzi kapena ngamila yake poopa Mulungu sankadziwa kuti akusainira chitsime cha makolo ake. Anawerengedwa ngati umboni pa mlandu umene sanaitanidweko.

Mlanduwo sunathe. Mu Sepitembala 1955 woweruza wa mbali ya Britain, Sir Reader Bullard, anatula pansi udindo, Angerezi akunena kuti a Saudi akugula mafumu ndi ndalama. Mwezi wotsatira, asilikali otsogozedwa ndi Angerezi anathamangitsa a Saudi ku Hamasa, ndipo mafumu ena amene anali mbali yawo anathawira kunja ndi mabanja awo. Zaka zomwezo, ulendo wa ofufuza mafuta wopita ku Fahud, m'katikati mwa Oman, unayatsa nkhondo pakati pa Sultan ndi Imam Ghalib al-Hinai, imene inatha mu 1959 ndege za Britain zitaphulitsa midzi ya m'phiri la Jabal Akhdar. Sultan ndi Imam onse anali Asilamu. Za Buraimi zinadzakambidwa mu 1974 ku Jeddah: Saudi Arabia inasiya midziyo, nilandira kachigawo ka gombe ndi mafuta a ku Shaybah. Mafuta ochuluka anapezeka kutali ndi midzi imene ankalimbiranayo. Chimene midziyo inatsala nacho ndi mpanda wa waya ndi zipata za malire pakati pa Al Ain ndi Buraimi, pamene kale anthu ankangoyenda kukaona abale.

Si onse anatsata njira ya mfuti. M'dera lopanda mwini mmodzi lija la pakati pa Kuwait ndi Saudi Arabia, maiko awiriwo anagwirizana kugawana mafuta mofanana, ndipo ngakhale atadzalidula pakati, kugawanako kunapitirira. Sikuti kunalibe zokhumudwitsana: kupopa kunaima mu 2014 ndi 2015 mpaka atagwirizananso mu Disembala 2019. Qatar ndi Bahrain anapita kubwalo la milandu la dziko lonse ku The Hague pa nkhani ya zilumba za Hawar. Mlandu unalowa mu 1991, chigamulo chinatuluka mu 2001, ndipo onse anachilandira.

Nanga ife tili pati? Amkhalapakati otsogozedwa ndi Joaquim Chissano, pamodzi ndi Thabo Mbeki ndi Festus Mogae, anayesa kuyanjanitsa Malawi ndi Tanzania, koma zokambirana zinaima mu 2014 popanda chigamulo. Atsogoleri athu akhala akutchula za The Hague, koma bwalo limenelo silingaweruze Tanzania isanavomere. Nthawi imeneyo dziko linali litagawidwa kale m'zigawo zisanu ndi chimodzi zofufuzira mafuta. Mu 2013 zigawo 4 ndi 5, zimene zikukhudza kumwera kwa nyanja, zinaperekedwa kwa RAK Gas ya ku Ras al-Khaimah, limodzi mwa maiko ang'onoang'ono aja amene malire ake anajambulidwa ndi Mngerezi Julian Walker, akuyenda mudzi ndi mudzi kufunsa kuti chitsime ichi n'cha yani. Mapangano ogawana phindu anasainidwa patatsala masiku ochepa kuti chisankho cha Meyi 2014 chichitike, ndipo boma latsopano linaimitsa ziphasozo kuti liziunikenso. Lamulo lathu la mafuta ndi la 1983. Kuti kampani ikuchokera kudziko la Asilamu, zimenezo zisatigoneke tulo. Ku Buraimi nako onse ankaswali moyang'ana Qibla imodzi.

Chiphunzitso chathu sichili chete pa chuma chotere. M'mabuku a hadith muli nkhani ya Abyad bin Hammal, amene anapempha Mtumiki Muhammad (mtendere ndi madalitso zikhale pa iye) kuti amupatse malo okumba mchere ku Ma'rib. Mtumiki anamupatsa, koma atauzidwa kuti mcherewo uli ngati madzi osaphwa amene aliyense amatungapo, anaubweza m'manja mwa anthu onse. Pa nkhani imeneyi ndi pa chiphunzitso chakuti madzi, msipu ndi moto n'za onse, ma ulama anamanga lamulo lakuti chuma chimene mudzi wonse umadalira sichiperekedwa kwa munthu mmodzi, ngakhale woperekayo akhale wolamulira. Ine ndikuona kuti nyanja ili m'gulu limeneli, ndipo amene amatunga, kusamba, kutawaza ndi kuwedza m'madzi amenewa ali ndi ufulu wofunsidwa chitsulo chisanalowe pansi.

Mafunso ake ndi apafupi. Mafuta akatayikira m'madzi amene amatuluka ndi mtsinje umodzi wokha wa Shire, adzalipira msodzi wa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota ndani, ndipo ndalama zake zasungidwa kuti? Malo oikira zitsulo akadzatsekedwa, chilimira chidzaponyedwa kuti? Pangano limene boma linasaina lingawerengedwe mu Chichewa ndi mu Chiyao pabwalo la mfumu? Makomiti a pagombe, mafumu, mashehe ndi aphungu a m'maboma a Mangochi, Salima, Nkhotakota, Nkhata Bay ndi Karonga angathe kufunsa zimenezi lero, pamene mafuta sanayambe kupopedwa ndipo malire a kumpoto akadali pamene anawasiya amkhalapakati mu 2014.