Si Thupi Limene Lazolowera Mankhwala

Kwathu ku Zolozolo, munthu akamwa makapusozi koma matenda osachoka, timati, "Thupi lake lazolowera mankhwala." Ndakula ndikumva mawuwa ndipo ndinkawakhulupirira. Lero ndikuona kuti mwininkhani wa chiganizochi ngolakwika, pakuti chimene chimazolowera ndi tizilombo toyambitsa matenda totchedwa mabakiteriya.

Mankhwala a m'banja la penicillin amapha bakiteriya pomulepheretsa kumanga khoma lomutchinjiriza. Mphamvu ya mankhwalawa ili m'kamphete kotchedwa beta-lactam. Tsono mabakiteriya ena amatulutsa enzaimu yotchedwa beta-lactamase imene imadula kampheteko, mankhwala n'kusanduka madzi chabe. Edward Abraham ndi Ernst Chain adafotokoza za enzaimu yotere mu 1940, penicillin asanafale n'komwe m'zipatala. Akatswiri atapanga mankhwala ena amphamvu monga ceftriaxone, mabakiteriya adabwera ndi maenzaimu ena, a ESBL, amene amadulanso amenewa.

Vutoli lilipo m'dziko muno. Ofufuza a Malawi-Liverpool-Wellcome adasanthula magazi a odwala pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Adapeza kuti pofika 2016, pa mabakiteriya 10 alionse a mtundu wa Klebsiella opezeka m'magazi, pafupifupi 9 anali ndi ESBL. Pa a mtundu wa E. coli anali atatu pa 10, pamene mu 2003 sankafika ndi mmodzi yemwe pa 100. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala zathu zimadalira munthu akadwala mwakayakaya. Jakisoniyu akakanika, mankhwala otsala monga meropenem ngodula ndiponso sapezeka wamba. Amene ali pangozi kwambiri ndi makanda obadwa masiku asanakwane.

Choopsa china n'chakuti mabakiteriya amapatsirana malangizo opangira maenzaimuwa, ngakhale akhale a mitundu yosiyana. Ine ndikagula makapusozi anayi paokala chifukwa cha chimfine, chimene chimayamba ndi mavairasi, ndimapha mabakiteriya ofooka a m'matumbo mwanga, olimba aja n'kutsala akuswana. Mawa ndikawasiya pachitseko cha chimbudzi kapena m'manja mwa m'bale amene ndapita kukamuzonda kuchipatala.

Apa m'pamene mawu athu aja amatisocheretsa. Tikati thupi lazolowera, timayesa kuti vuto ndi la wodwala yekhayo, pomwe mwana wobadwa dzulo, amene sanalawepo kapusozi, angathe kufa ndi bakiteriya amene adalimbira m'mimba mwa munthu wina.