Makhadi Awiri Odikirana: Gawo Loyamba

Aliyense amene anaonererapo akuluakulu akusewera bawo pamthunzi akudziwa kuti katswiri safulumira kugwira nkhomo. Amayamba wayang'ana, nawerenga maenje chamumtima, ndipo dzanja likamatsika amakhala ataona kale pamene nkhomo yotsiriza ikagwere. Luso lomweli lowerenga usanachite kanthu ndi limene ndikufuna kuti tikambirane m'nkhani ino, koma m'masewera achilendo a makhadi oseweredwa pa kompyuta ndi pa foni. Ndikupemphani, awerengi, makamaka aphunzitsi anzanga, kuti musafulumire kuwatcha juga. Muyambe mwaona masamu amene ali m'menemo.

Chitsanzo changa ndi masewera otchedwa Hearthstone, amene kampani ya Blizzard Entertainment ya ku California, m'dziko la America, inatulutsa m'mwezi wa Malichi 2014. Anthu awiri amakumana pa intaneti, aliyense atanyamula mtolo wa makhadi umene wadzisankhira yekha, ndipo kawirikawiri makhadiwo amakhala 30. Mumtolo umodzi simuloledwa makhadi ofanana oposa awiri, ndipo pali ena apamwamba amene limaloledwa limodzi lokha. Wosewera aliyense ali ndi ngwazi yomuimira, yokhala ndi moyo wokwana 30. Amene watsitsa moyo wa ngwazi ya mnzake kufika pa 0 ndiye wapambana.

Osewerawo amapatsana mpata, wina akasewera mnzake nadikira. Ulendo uliwonse munthu amatola khadi limodzi pamtolo wake, umene kompyuta yasakaniza kale. Khadi lililonse lili ndi mtengo, wolipiridwa ndi mphamvu yotchedwa mana. Ulendo woyamba munthu amakhala ndi mana 1, wachiwiri 2, wachitatu 3, mpaka kulekeza pa 10. Makhadi ena ndi asilikali, amene akaikidwa pabwalo amakhala pomwepo mpaka ataphedwa. Ena ndi matsenga, amene amagwira ntchito kamodzi n'kutha. Lamulo limodzi mulisunge bwino: msilikali woikidwa kumene samenya nthawi yomweyo, amadikira ulendo wotsatira. Lamulo limeneli ndilo limapatsa mdani mpata woona tsoka likubwera ndi kulipewa.

Anthu amamanga mitolo yawo m'njira zosiyanasiyana. Pali othamanga, amene amadzaza bwalo ndi asilikali otsika mtengo kuti amalize nkhondo mnzawo asanakonzeke. Pali oteteza, amene amapha chilichonse chimene mdani waika mpaka iye atasowa chosewera. Ndiye pali a mtundu wachitatu, amene amasunga m'manja makhadi awiri kapena atatu ogwirizana, amene paokhapaokha ndi wamba koma akatuluka pamodzi amagwetsa mdani ulendo umodzi. Mgwirizano wotere osewera amautcha kombo. Nzeruyi ndi yakale kuposa Hearthstone. M'masewera a makhadi a pamanja otchedwa Magic: The Gathering, amene katswiri wa masamu Richard Garfield anayambitsa mu 1993, makhadi a Channel ndi Fireball ankatha kumaliza mdani nkhondo itangoyamba. M'masewera a ku Japan a Yu-Gi-Oh!, munthu akasonkhanitsa m'manja zidutswa zisanu za Exodia wapambana pomwepo.

Kombo imene ndinaidziwa bwino, ndili ku yunivesite mu 2015, inali ya ngwazi yotchedwa Druid. Inali ya makhadi awiri a matsenga. Loyamba, Force of Nature, linali la mana 6, ndipo linkaitana asilikali atatu ooneka ngati mitengo, aliyense wa nkhonya yokwana 2. Asilikali amenewa ankaloledwa kumenya nthawi yomweyo, koma ankafa ulendowo ukatha. Lachiwiri, Savage Roar, linali la mana 3, ndipo linkawonjezera 2 pa nkhonya ya aliyense wa kumbali yako, ngwazi yomwe, pa ulendo umenewo wokha. Tawerengani nane. Asilikali atatu a nkhonya 4 aliyense ndi 12. Kuwonjezapo 2 ya ngwazi, zakwana 14. Ndi mana 9 basi, pabwalo popanda kanthu, munthu ankachotsa pafupifupi theka la moyo wa mdani. Pakakhala msilikali wina pabwalo, nkhonya yake yonse pamodzi ndi 2 inanso zinkawonjezeka pa 14 uja.

Wongoyamba kumene akaona zimenezi amaganiza kuti chinsinsi chonse chili m'makhadi awiriwo. Apa ndi pamene masamu amamudzudzula. Tiyeni tinene kuti mwaika Force of Nature awiri ndi Savage Roar awiri mumtolo wa 30, ndipo ndinu woyamba kusewera. Mumayamba ndi makhadi 3, ndipo pofika ulendo wa 9 mwatola ena 9. Mwaona makhadi 12, ndipo 18 akadali pansi. Tisiye pambali mwayi wosintha makhadi umene umaperekedwa poyamba. Mwayi woti Force of Nature onse awiri akadali pansi ndi 18/30 kuchulukitsa ndi 17/29, ndiye kuti pafupifupi 35 pa 100. Wa Savage Roar ndi chimodzimodzi. Mwayi woti onse anayi akadali pansi ndi pafupifupi 11 pa 100, ndipo popeza umenewu tauwerenga kawiri, tiuchotsa kamodzi. Tikaphatikiza 35 ndi 35 n'kuchotsa 11 titsala ndi 59. Tanthauzo lake n'lakuti pa masewera 100, okwana 59 mudzafika ulendo wa 9 kombo isanakwane m'manja, ndipo 41 okha ndi amene idzakhala itakwana.

Munthu wanzeru sangatsamire pa chinthu cholephera koposa theka la nthawi. Koma tikabwereza masamu omwewa kwa munthu amene waona makhadi 20 m'malo mwa 12, mwayi wake ukukwera kufika pafupifupi 80 pa 100. Motero ntchito yeniyeni ya womanga mtolo ili pa makhadi 26 otsalawo, amene oonerera sawatama. Amenewa ali ndi ntchito zitatu.

Ntchito yoyamba ndi kukumba mtolo kuti makhadi ofunika aja atuluke msanga. Mu Druid wa masiku amenewo tinkaika Azure Drake, msilikali amene poikidwa ankatoletsa khadi limodzi, ndi Ancient of Lore, wa mana 7, amene ankatoletsa awiri. Ntchito yachiwiri ndi kufupikitsa njira. Khadi la Wild Growth linkawonjezera mana imodzi ya masewera onse, ndipo la Innervate linkabwereketsa mana 2 pa ulendo umodzi, kotero kuti kombo ya mana 9 inkatheka pa ulendo wa 7. Ntchito yachitatu, imenenso ndi yaikulu, ndi kusunga moyo. Wrath ndi Swipe ankasesa asilikali a mdani, pamene Druid of the Claw ankaima ngati mpanda umene mdani ayenera kuyamba wagwetsa asanafike pa ngwazi. Asilikali omwewa ankamenyanso mdani pang'onopang'ono kuti moyo wake utsike kuchoka pa 30 kufika pamene 14 angaumalize.

Kugawa malo 26 amenewa ndiko kumaonetsa nzeru za munthu. Mukachulutsa okumba, mufa makhadi ali thoo m'manja. Mukachulutsa oteteza, mukhala moyo nthawi yaitali koma wopanda chomalizira. Ndiponso kukumba kuli ndi malire ake. M'manja simulowa makhadi oposa 10, ndipo lotoledwa m'manja mutadzaza limapsa, ngakhale litakhala lomwe mumalidikiralo. Mtolo ukatha, kutola kulikonse kumadula moyo wanu, koyamba 1, kachiwiri 2, kachitatu 3, n'kumakwerabe.

Kumanga mtolo kumachitika munthu ali phee. Kusewera kumachitika nthawi ikuthamanga, pakuti ulendo uliwonse uli ndi masekondi 75 okha, ndipo akamatha chingwe chimayamba kuyaka pabwalo. Pamenepo pamabuka funso limene palibe mtolo ungakuyankhireni: kodi ndisunge khadi ili kudikira mnzake, kapena ndiliwononge kuti ndipulumuke?

Ndikukumbukira bwino usiku umene funsoli linandigwetsa. Ndinali pa ulendo wa 7, makhadi onse awiri ali m'manja, koma Innervate ndinalibe. Mdani wanga, munthu amene sindinamuonepo, ankasewera ngwazi ya Hunter ndi mtolo wothamanga. Moyo wake unali 14 ndendende, wanga 13. Pabwalo pake panali asilikali atatu ang'onoang'ono, nkhonya zawo pamodzi 6, ndipo mmodzi mwa iwo anali chilombo. Force of Nature akanawapha onse atatu. Koma maso anga anali pa 14 uja. Ndinadziuza kuti kwatsala maulendo awiri okha, ndipo ndinaika Ancient of Lore ndi kutola makhadi awiri, mtima uli m'malo.

Ndikanawerenga za mnzanga monga ndinawerengera zanga, ndikanaona dzenje. Asilikali ake anali ndi 6. Ngwazi ya Hunter ili ndi muvi wa 2 umene ingaponye ulendo uliwonse. Zimenezi zokha ndi 8 zoonekeratu, ndipo ine ndinayenera kupirira maulendo ake awiri ndi moyo wa 13. Sanafune n'komwe ulendo wachiwiri. Anatulutsa Kill Command, khadi limene limapweteka ndi 5 pabwalo pakakhala chilombo. Phatikizani 6, 2 ndi 5. Ndinafa kombo yonse ili m'manja, Force of Nature wachiwiri akadali mumtolo kundidikira. Ndikanawononga woyambayo, bwenzi ndili moyo kufunafuna wachiwiri.

Musamve ngati ndikuti kusunga n'kulakwa nthawi zonse. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo masewera ambiri ndinawataya chifukwa cha mantha, nditaponya khadi lofunika pa msilikali amene sakanandipha. Chimene ndinaphunzira n'chakuti yankho limapezeka powerenga mawotchi awiri. Yoyamba: kwatsala maulendo angati kuti ine ndimalize? Yachiwiri: kwatsala maulendo angati kuti iye andimalize, tikaphatikiza zimene ndikuona ndi zimene angakhale atabisa? Yanu ikakhala patsogolo, sungani. Yake ikakhala patsogolo, phwanyani kombo popanda chisoni, pakuti wakufa sasewera ulendo wa 9.

Kumbukiraninso kuti mwamuna mnzako ndi pachulu. Mdani wodziwa naye amawerenga. M'masiku amenewo aliyense wokumana ndi Druid ankayesetsa kuti moyo wake usatsike kufika pa 14 ulendo wa 9 ukamayandikira, ndipo ankapha msilikali aliyense wa Druid ngakhale wooneka wopanda pake. Ena ankaimika asilikali otchinga kuti mitengo ija ithere pampanda. Enanso ankasunga Loatheb, khadi limene linatuluka mu 2014, limene linkakweza ndi 5 mtengo wa matsenga onse a mdani pa ulendo wotsatira. Kombo ya mana 9 inkasanduka ya 19, yosatheka. Choncho ngakhale makhadi awiriwo asanaoneke, kungodziwa kuti alipo kunkalamulira kasewero ka anthu onse awiri.

Mphamvu imeneyi ndi imenenso inaiphetsa. Nkhonya yochokera m'manja, yosayamba yaonekera pabwalo, imalanda mdani mpata uja wodziteteza umene malamulo anamupatsa, ndipo osewera ambiri ankadandaula nazo. Popeza makhadiwa ndi a pa kompyuta, eni ake angathe kusintha mawu a khadi tsiku limodzi kwa anthu onse, chinthu chosatheka ndi khadi losindikizidwa papepala. Mu Okutobala 2015 anasintha Warsong Commander, khadi limene linali msana wa kombo ina ya ngwazi ya Warrior. Mu Epulo 2016 anafika pa Force of Nature: mtengo unatsika kufika pa mana 5, asilikali aja analeka kufa ulendo ukatha, koma analandidwa ufulu womenya nthawi yomweyo. Kombo ya 14 inathera pamenepo. Wofuna kugula makhadi ndi ndalama chifukwa cha kombo imodzi aganizire zimenezi.

Makhadiwo anasintha, koma masamu aja sanasinthe. Ndikamaphunzitsa za mwayi m'kalasi, ophunzira ambiri amadziwa kuchulukitsa 18/30 ndi 17/29, koma owerengeka ndi amene amakhulupirira yankho lake pamene mtima ukulakalaka china. Ine ndemwe ndinkadziwa kuphatikiza 6, 2 ndi 5 usiku uja. Kungoti sindinafune kuphatikiza.

Sabata yamawa tidzaona mtolo wina wa masiku omwewo, wa ngwazi ya Mage, umene unkapambana pochedwetsa mdani ndi madzi oundana. Pakadali pano ndikusiyirani ntchito ya kunyumba. Khadi la Alexstrasza linkaika moyo wa mdani pa 15. Pa ulendo wotsatira muli ndi mana 10, ndipo m'manja muli ndi Fireball awiri, aliyense wa mana 4 wopweteka ndi 6, ndi Frostbolt awiri, aliyense wa mana 2 wopweteka ndi 3. Kodi muponya ati kuti mumalize? Ndipo mdani akadzichiritsa ndi 2 yokha musanaponye, muchita chiyani?