VENICE: MZINDA WA PAMADZI NDI KHALIDWE LA MLENDO

Pamene ndinali pa sukulu, aphunzitsi athu adatiuza kuti ku Italy kuli mzinda wopanda galimoto, ndipo tonse m'kalasi tidaseka poyesa nthabwala. Lero ndine mphunzitsi, ndipo ophunzira anga amandiseka chimodzimodzi. Kusiyana kwake n'kwakuti ine mzindawo ndidakauponda ndi mapazi anga m'chaka cha 2024. Tsono ndati ndikufotokozereni, awerengi, zimene ndidaona ku Venice, ndiponso zimene munthu ayenera kudziwa asananyamuke.

Sitima ya pamtunda imachoka m'tauni ya Mestre, niyenda pa mlatho wa makilomita pafupifupi 4 pamwamba pa thamanda la madzi a mchere, mpaka kukaima pa siteshoni ya Santa Lucia. Galimoto nazo zimathera pa bwalo lotchedwa Piazzale Roma. Kuyambira pamenepo, wolemera ndi wosauka yemwe amayenda pansi kapena pa boti. Mzindawu uli pa tizilumba 118 tolumikizidwa ndi milatho yoposa 400. Akale adakhomera mitengo yambirimbiri m'matope, nayala miyala pamwamba pake, n'kumangapo nyumba. Mitengoyo siola msanga chifukwa m'kati mwa matope simufika mpweya.

Chimene chidandigwira mtima kwambiri si nyumba zachifumu ayi, koma ntchito za m'mamawa. Nditalawirira tsiku lina, ndidapeza maboti akutsitsa ufa, ndiwo zamasamba ndi matumba a simenti. Zinyalala zimachoka pa boti, odwala amapita kuchipatala pa boti, ndipo maliro amawolotsedwa pa boti kunka ku manda a pa chilumba cha San Michele. Katundu akatsika, amuna amamkankha pa tingolo, kukwera ndi kutsika masitepe a mlatho uliwonse. N'chifukwa chake zinthu zimakwera mtengo kumeneko, pakuti buledi amene mwagula wadutsa m'manja ambiri.

M'mamawa womwewo ndidalandira phunziro langa loyamba. Ndidaima pakati pa kamlatho ndili kujambula chithunzi, osadziwa kuti kumbuyo kwanga kwaima bambo wachikulire ndi ngolo yolemera. Adangoti "Permesso," ndiko kunena kuti "Zikomo, ndidutse nawo." Sadakalipe, koma nkhope yake idaonetsa kuti mawuwa amawanena kambirimbiri tsiku lililonse. Manyazi adandigwira. Ine ndidali pa tchuthi, iye adali pa ntchito. Tinjira ta mzindawu n'topapatiza, tina mwakuti munthu atatambasula manja akhudza makoma onse awiri. Choncho yendani chakumanja, musatseke mlatho, ndipo musakhale pa masitepe ake kudya kamba wanu, chifukwa malamulo amaletsa. Kudyetsa nkhunda pa bwalo la San Marco nakonso kudaletsedwa mu 2008.

Kusochera kokha musakuope, pakuti mlendo aliyense amasochera. Mzindawu uli ndi zigawo 6, ndipo manambala a nyumba amawerengedwa potsata chigawo chonse, osati msewu, kotero kuti nyumba ina imakhala ndi nambala yopitirira 6,000. Thandizo lili pa makoma: zikwangwani zachikasu zolembedwa "Per Rialto", "Per San Marco" ndi "Ferrovia", mawu otsirizawa akulozera ku siteshoni. Zikakukanikani, funsani mwaulemu mutayamba mwapereka moni wakuti "Buongiorno". Safunsa adadya phula. Nyamulani chikwama chaching'ono ndi nsapato zofewa, chifukwa sutikesi yaikulu pa masitepe amenewa ndi chilango.

Tsopano za ndalama. Basi ya kumeneko ndi boti lotchedwa vaporetto. Mu 2024 tikiti imodzi ya mphindi 75 idali mayuro 9.50, kotero wofuna kukwera kangapo achita bwino kugula tikiti ya tsiku lonse. Musanakwere, igunditseni pa kamakina ka pa doko, apo ayi mudzalipira chindapusa ngakhale tikiti muli nayo. Gondola, bwato lakuda lija la m'zithunzi, idali mayuro 90 pa theka la ola. Ine, ndi thumba la mphunzitsi, ndidakwera traghetto, gondola yowolotsa anthu pa ngalande yaikulu ya Canal Grande, pa mayuro 2 okha. Ulendo wake ndi waufupi, koma madzi ndi omwewo.

Khofi womwera choimirira pa kauntala ndi wotsika mtengo kuposa womwera pa tebulo, ndipo m'malesitilanti mumakhala ndalama yoonjezera yotchedwa coperto, yolipirira malo amene mwakhala. Madzi musagule: m'mabwalo ambiri muli mipopi ya madzi abwino akumwa. Zitsime zamiyala zimene mudzaona zili zotseka n'zakale, za nthawi imene anthu ankasunga madzi a mvula osefedwa ndi mchenga, mapaipi asanafike mu 1884. Malo ogona otsikirapo mtengo ali ku Mestre, ulendo wa mphindi ngati 10 pa sitima.

Tchalitchi cha San Marco musachiphonye. Mbiri imati mafupa a Marko Woyera adabwera nawo amalonda kuchokera ku Alexandria, ku Egypt, m'chaka cha 828. Polowamo valani zophimba mapewa ndi mawondo, chifukwa ndi nyumba ya mapemphero. Bwalo lake ndi limodzi mwa malo otsikitsitsa mu mzinda, ndipo ndilo limayamba kumira madzi a m'nyanja akakwera, makamaka m'miyezi ya Okutobala mpaka Disembala. Pa 4 Novembala 1966 madzi adakwera masentimita 194 kupitirira muyeso wake, ndipo pa 12 Novembala 2019 adafika pa 187. Kuyambira mu Okutobala 2020, zitseko zachitsulo 78 zotchedwa MOSE zimadzutsidwa pansi pa nyanja kutchinga madzi akachuluka.

Koma pali chigumula china chimene zitsekozi sizingatchinge. Mu 1951 m'kati mwa mzinda wakalewu munkakhala anthu pafupifupi 175,000. Mu 2022 chiwerengero chidatsika osakwananso 50,000. Nyumba zambiri zasanduka zogona alendo, lendi yakwera, ndipo mabanja achinyamata akusamukira kumtunda. Mu 2021 boma lidaletsa zombo zikuluzikulu kudutsa pafupi ndi San Marco, ndipo pa 25 Epulo 2024 mzinda udayamba kulipiritsa mayuro 5 kwa alendo obwera ndi kubwerera tsiku lomwelo, pa masiku ena osankhidwa. Fufuzani za masikuwo ndi mitengo yake musananyamuke.

Madzulo anga otsiriza ndidakhala pa benchi m'chigawo cha Cannaregio, kutali ndi piringupiringu. Ana adali kusewera mpira, mayi wina adali kuanula zovala pa chingwe cha pa zenera, ndipo nkhalamba ziwiri zidali kukangana mwachibwenzi. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. M'mawa mwake ine ndidakwera sitima, koma bambo wa ngolo uja adali kale pa mlatho wake. Mukadzapitako, dzampatseni njira.