Nyanja Ikudya Mtunda ku Holderness

Kum'mawa kwa Yorkshire m'dziko la England kuli gombe lotchedwa Holderness, lotalika makilomita pafupifupi 60 kuyambira ku Flamborough Head mpaka ku Spurn Point. Chaka ndi chaka nyanja ya North Sea imadyako pafupifupi mamita awiri a mtunda umenewu. Ku Ulaya konse ndi magombe ochepa okha omwe akukokoloka mofulumira chotere. Kuchokera m'nthawi ya Aroma, midzi pafupifupi 30 inamira, kuphatikizapo Ravenser Odd, doko lomwe linkatumiza aphungu ku nyumba ya malamulo lisanamezedwe ndi madzi m'zaka za m'ma 1300.

Gwero la vutoli ndi dothi. Maphompho a kumeneko si a thanthwe ayi, koma a dongo losakanizika ndi miyala lomwe linasiyidwa ndi madzi oundana kalekale. Mvula ikalowa m'ming'alu ya pamwamba, dongolo limafewa n'kulemera. Pansi napo mafunde amakhala akukumba tsinde la phompho, makamaka mphepo ikamachokera kumpoto chakum'mawa. Tsiku lina chibuma chachikulu chimangotsetsereka, n'kupita nazo pansi mbewu, mpanda, ngakhale phula la msewu. Dongo logwalo silikhalitsa pagombe. Madzi amalitenga, n'chifukwa chake nyanja ya kumeneko imaoneka yofiirira. Mchenga wotsala ndi wochepa, ndipo mafunde amaukankhira kummwera.

Mchenga umenewu ndiwo wagawanitsa anthu. Mu 1991 akuluakulu anaganiza zopulumutsa mudzi wa Mappleton pamodzi ndi msewu wa B1242 womwe umadutsa pamenepo. Anawononga ndalama pafupifupi mapaundi 2 miliyoni kuunjika miyala ikuluikulu m'tsinde mwa phompho ndi kumanga mipanda iwiri ya miyala yolowera m'nyanja kuti izigwira mchenga. Ntchitoyo inatheka, Mappleton alipo mpaka lero. Koma mchenga womwe unatsakamira pamenepo ndi womwe unkayenera kukatchinjiriza maphompho a kummwera. Cha ku Great Cowden gombe linatsala lopanda chotchinga, kugumuka kunakula, ndipo alimi anataya minda ndi nyumba.

Matauni a Bridlington, Hornsea ndi Withernsea ali ndi makoma a konkire. Malo olandirira gasi a ku Easington nawo anawatchinga ndi miyala, poti dziko lonse limawadalira. Pafupifupi kwina konseko ndondomeko ya boma ndi yoti nyanja ichite zofuna zake, chifukwa mtengo wa khoma umaposa mtengo wa katundu yemwe lingateteze.

Mfundo imeneyi ndi yomveka, ndipo sindikuona kuti n'zotheka kumanga khoma gombe lonselo. Chomwe chimandipweteka mtima ndi momwe boma likuchitira ndi anthu otsala kunja kwa makomawo. Ku Skipsea kuli mabanja omwe anagula nyumba nyanja ili patali, lero akuona phompho lafika kuseri kwa khitchini. Ena ndi achikulire omwe anaika ndalama zawo zonse za penshoni m'nyumbazo. Makampani a inshuwalansi salipira nyumba yopita ndi kukokoloka kwa gombe, boma nalo silipereka chipukuta misozi. Nyumba ikafika pangozi, khonsolo ya East Riding of Yorkshire imauza mwiniwake kuti asamuke, ndipo thandizo lochokera ku boma, losapitirira mapaundi 6,000, ndi loti nyumbayo igwetsedwe isanagwere pagombe.