Kodi Mulungu angatipatsenso mphatso?

Lachinayi lina amayi a mumpingo mwathu adapita kukazonda mnzawo yemwe adali atangotuluka kumene m'chipatala. Adasenza nkhuni, ufa, shuga ndi sopo monga timachitira nthawi zonse. Koma atafika pakhomopo mawu adawasowa. Pakadakhala khanda akadayamba ndi nthungululu, ndipo pakadakhala maliro akadadziwa nyimbo yoyambira. Apa padalibe khanda, padalibenso bokosi. M'nyumba mudagona mayi wa bala la opaleshoni pamimba, pakhonde padakhala mwamuna wake atazyolika.

Mayiyo adali ndi pathupi pa milungu 7. Usiku wina adamva ululu woopsa mbali imodzi ya m'munsi mwa mimba, adachita chizungulire, nkukomoka. Atamuunika kuchipatala adapeza kuti mimbayo idakhazikika m'kanjira kodutsa dzira, komwe ambiri timakatcha chubu, ndipo kanjirako kadali kataphulika, magazi akutayikira m'kati. Bambo adapatsidwa pepala kuti asaine, ndipo adasaina dzanja likunjenjemera. Mayi adapulumuka, mimba idathera pomwepo.

Papita chaka tsopano ndipo banjali likufunitsitsa mphatso. Koma tsiku lina titatuluka m'tchalitchi bamboyo adatikokera pambali natifunsa monong'ona ngati Mulungu angapatsenso mwana anthu omwe adasainira okha kuti mimba ichotsedwe. Tikukhulupirira kuti funso limeneli lili m'nyumba zambiri zachikhristu, kungoti limafunsidwa usiku, nyali itazimitsidwa.

Chomwe chidachitika m'thupi

Tisanakambe za mtima, tiyambe tamvetsa za thupi, chifukwa nthawi zambiri munthu amadziimba mlandu pa chinthu chomwe sadachimvetse. Pa mimba 100 zilizonse, imodzi kapena ziwiri zimakhazikika kunja kwa chiberekero, makamaka m'chubu. Mimba yotere singakule mpaka mwana kubadwa, ndipo palibe dotolo pa dziko lapansi yemwe angaisamutse nkukaiika m'chiberekero. Ikasiyidwa, chubu chimatha kuphulika ndipo mayi akhoza kumwalira ndi kutaya magazi m'maola ochepa.

Palinso zifukwa zina zomwe zimachititsa madokotala kuthetsa mimba nthawi isanakwane: kuthamanga kwa magazi koopsa komwe kumadza mimba ikapitirira milungu 20 nkuyamba kuononga impso, chiwindi ndi ubongo wa mayi, kutaya magazi kosaleka, kapena matenda olowa m'chiberekero madzi akasweka msanga. Ngakhale malamulo a dziko lathu amaletsa kuchotsa mimba, gawo 243 la Penal Code limateteza yemwe wachita opaleshoni mokhulupirika pofuna kupulumutsa moyo wa mayi. Nayonso mipingo yomwe imatsutsa kwambiri kutaya mimba, kuphatikizapo wa Katolika, imavomereza opaleshoni yochotsa chubu chomwe chaika moyo wa mayi pachiswe.

Buku la Genesis, mutu 35, limatiuza za Rakele yemwe adamwalira m'njira pobereka Benjamini. Yakobo adangoona mkazi wake wokondedwa akutsirizika, popanda pepala loti asaine, popanda dotolo woti amuitane. Tikaganizira za manda a Rakele, timaona kuti bambo wa pakhonde uja adapatsidwa mwayi womwe Yakobo sadaupeze. Luso lomwe lidatseka mtsempha wotaya magazi usiku uja lidachokera kwa Mlengi yemweyo amene timamupempha mphatso.

Adachimwa ndani?

Vuto likagwa pakhomo, ife anthu timathamangira kufunafuna wolakwa. Ena amaloza azakhali kuti adamanga mimba, ena amanong'ona kuti mayiyo adayendayenda ali mtsikana, enanso amati banjalo lidafooka m'mapemphero. Ophunzira a Yesu adali ndi maganizo omwewa ataona munthu wobadwa wakhungu, pa Yohane 9, ndipo adafuna kudziwa ngati wochimwa adali iyeyo kapena makolo ake. Ambuye adakana zonse ziwiri. Yankho lomwe lidamasula makolo a munthu wakhunguyo likumasulanso banja lomwe lidataya mimba pofuna kupulumutsa moyo.

Nzoona kuti pali zinthu zomwe zimaononga machubu, monga matenda opatsirana pogonana omwe sadachizidwe, kusuta fodya ndi zipsera za opaleshoni yakale. Koma amayi ambiri omwe zimawachitikira sapezeka ndi chifukwa chilichonse chodziwika. Kulima, kusenza madzi, kukwera njinga kapena kukangana ndi apongozi sikukhazika mimba m'chubu. Ngati mtima ukutsutsabe, pitani kwa abusa kapena kwa ansembe mukatule nkhawa zanu, pakuti katundu wobisa amalemera kuposa woonekera. Ndipo ife atsogoleri tikumbukire wansembe Eli, yemwe adaona milomo ya Hana ikugwedera ku Silo nkuganiza kuti mayiyo waledzera. Wansembe wamkulu adalakwitsa poweruza mayi wosweka mtima asanamve nkhani yake. Chomwe tingamuyamikire nacho Eli nchakuti atamva, adasintha namudalitsa.

Kudikira kuti thupi lichire

Kuona maso a nkhono nkudekha. Banja lofuna kuyesanso liyenera kuyamba labwerera kuchipatala, mwamuna ndi mkazi limodzi, buku la kuchipatala lili m'manja, kukafunsa mafunso atatu: chidachitika nchiyani, chingachitikenso, ndipo tidikire nthawi yaitali bwanji. Safunsa adadya phula.

Nthawi yodikira imasiyana malinga ndi chomwe chidachitika. Mu 2005 akatswiri omwe adasonkhanitsidwa ndi bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO adalangiza kudikira miyezi 6 mimba ikapita padera kapena ikachotsedwa. Kafukufuku wa m'zaka zotsatira adaonetsa kuti amayi ambiri omwe adatenga pathupi miyezi 6 isanakwane sadaone vuto loonjezera, choncho madokotala ambiri lero amayang'ana mayi aliyense payekha. Yemwe adachotsedwa chubu kawirikawiri amauzidwa kuti asambe kaye kawiri kapena katatu. Yemwe adalandira mankhwala a methotrexate ayenera kudikira miyezi yosachepera 3, chifukwa mankhwalawa akhoza kuvulaza mwana yemwe wangoyamba kuumbika. Yemwe adang'ambidwa chiberekero chenicheni amafunika nthawi yaitali, pafupifupi chaka ndi theka kapena zaka ziwiri, kuti chipsera chilimbe.

Tidziwenso kuti mayi akhoza kutenga pathupi pena pakangotha milungu iwiri kapena itatu, asanasambe nkomwe. Choncho kudikira kumafuna kugwirizana za njira yolera. Mabanja omwe mpingo wawo uli ndi chiphunzitso chake pa nkhani ya kulera akambirane ndi alangizi a mumpingo pamodzi ndi anamwino, kuti asangosiya zinthu m'malere.

M'miyezi yodikirayi muli ntchito. Mayi yemwe adataya magazi ambiri abwezeretse magazi ndi mapiritsi a ayironi komanso zakudya monga nyemba, bonongwe, chisoso, usipa ndi chiwindi. Onse awiri ayezetse matenda opatsirana ndipo akapezeka nawo alandire mankhwala limodzi. Mayi ayambe kumwa folic acid, mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse, mwezi umodzi kapena itatu asanatenge pathupi, chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimayamba kuumbika m'milungu inayi yoyambirira, mayi asanadziwe nkomwe kuti waima. Yemwe adakhalapo ndi mwana wosaumbika bwino msana kapena ubongo amapatsidwa mlingo waukulu, mamiligalamu 4 kapena 5, molembedwa ndi dotolo. Yemwe adavutika ndi kuthamanga kwa magazi ali woyembekezera afotokoze msanga, pakuti madokotala amatha kumuyambitsa asipirini wa mlingo wochepa mimba ikafika milungu 12. Mankhwalawa si oti munthu akangogula yekha pa golosale.

Nanga chiyembekezo chilipo? Chilipo ndithu. Mayi wa chubu chimodzi chabwino amatha kutenga pathupi ndi kubereka. Mwa amayi 10 omwe mimba idakhalapo kunja kwa chiberekero, pafupifupi mmodzi ndiye zimamuchitikiranso. Kwa ambiri mimba yotsatira imakhala pamalo pake. Chikatha chaka banja likuyesa popanda chotsatira, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, onse awiri akayezetse, chifukwa vuto limatha kukhalanso mwa abambo.

Kudikira kuti mtima uchire

Bala la pamimba limapola msanga kuposa la mumtima. Pa mwambo wathu mtayo umaikidwa mwakachetechete ndi amayi okha, ndipo mimba ya milungu yochepa siikhala nkomwe ndi manda. Mayi amangouzidwa kuti alimbe mtima, akadali mwana, adzabereka ena. Koma iye amakumbukira mwezi womwe akadachira, ndipo tsiku la ubatizo wa ana a anzake amakhala kumbuyo kwenikweni kwa tchalitchi.

Pa Genesis 4, Hava atabereka Seti adatchulabe dzina la Abele. Mwana watsopano adabwera, koma wotayikayo sadaiwalike pakamwa pa mayi wake. Banja lisachite manyazi kulira mwana yemwe silidamuone nkhope, ndipo lisaganize kuti kufuna wina ndiko kuiwala woyambayo. Chisoni ndi chiyembekezo zimatha kugona pa mphasa imodzi.

Kawirikawiri mwamuna ndi mkazi sachira tsiku limodzi. Wina amafuna kuyesanso msanga kuti atseke dzenje, pomwe mnzake akangoganiza za chipatala thupi limazizira. Abambo ambiri sanena kuti usiku uja adaona imfa ya akazi awo ili pafupi, ndipo mantha amenewo amawabisa m'ntchito kapena m'mowa. Elikana adakonda Hana ndipo adamupatsa gawo lapadera la nsembe, koma pomutonthoza adadziyerekeza ndi ana aamuna khumi, osazindikira kuti chikondi cha mwamuna ndi njala ya mwana nzinthu ziwiri zosiyana. Abambo, musathamangire kutseka misozi ya akazi anu ndi mawu. Khalani nawo pansi, mumve, ndipo inunso munene zomwe zikukuopsani. Liwiro la mumchenga nkuyambira limodzi: yesaninso pamene nonse awiri mwavomera.

Kwa apongozi, alamu ndi ankhoswe, pempho lathu ndi lakuti tileke kuwerengera miyezi mkamwini kapena mtengwa wathu. Funso lakuti kodi zinthu zilipo, lofunsidwa maso ali pamimba, limabaya ngati mkondo. Mawu onyoza onga a Penina, ngakhalenso uphungu woti mwana wathu akayese kwina, zagwetsa mabanja omwe adamangidwa pa guwa. Tichenjerenso ndi omwe amagulitsa madzi, mafuta kapena zitsamba kwa mabanja osweka mtima nkumawauza kuti asiye za kuchipatala. Pemphero loona silikangana ndi sikelo.

Mimba ikabweranso

Tsiku lomwe mayi adzazindikire kuti waimanso, chimwemwe chidzabwera chitagwirana dzanja ndi mantha. Kupweteka kulikonse kudzamudzutsa pakati pa usiku. Zimenezi sizitanthauza kuti chikhulupiriro chachepa. Ngakhale Ambuye wathu adavutika mumtima m'munda wa Getsemane.

Apa pali mwambo womwe tiyenera kuuunika. Ambiri timabisa mimba mpaka itaonekera, poopa anthu oipa mtima, ndipo potero timachedwa kuyamba sikelo. Bisirani anansi ngati mufuna, koma azamba musawabisire. Kuyambira mu 2016 bungwe la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale m'milungu 12 yoyambirira. Yemwe mimba idakhalapo m'chubu asadikire mpaka pamenepo: apite akangodziwa, kuti amuunike pa milungu 6 kapena 7 nkuona pomwe mimba yakhala. Ululu wa mbali imodzi ya mimba, kutaya magazi, chizungulire kapena kupweteka kwa nsonga ya phewa ndi zizindikiro zothamangira kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku. Ndalama ya galimoto kapena njinga yamoto ikhale yosungiratu.

Tinene zoona zokhazokha: sitingalonjeze banja lililonse kuti lidzanyamula khanda. Hana adabereka Samueli ndi ana ena asanu, koma Malemba sanena kuti nkhani ya mayi aliyense idzatha ngati ya Hana. Banja lopanda mwana ndi banja lathunthu pamaso pa Mulungu, ndipo malumbiro a ukwati sadakhazikike pa kubereka. Ena adzapeza mphatso yawo polera ana amasiye, omwe ndi ambiri pakati pathu, pakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Abwenzi a Yobu adachita bwino masiku asanu ndi awiri oyamba, pomwe adangokhala naye pansi osanena kanthu. Adalakwa atayamba kufotokoza chifukwa chomwe mnzawo amavutikira. Amayi aja a Lachinayi, mawu atawasowa, adakoleza moto, natunga madzi, naphika phala, ndipo mmodzi wa iwo, gogo wa imvi, adaulula koyamba kuti naye zidamuchitikira ali mtsikana. Mayi wodwalayo adatiuza pambuyo pake kuti tulo take toyamba tabwino adagona usiku umenewo. M'milaga ndi m'miphakati mwathu muli agogo otere ambiri, ndipo umboni wawo ukufunika.

Bambo uja tidamuyankha kuti dzanja lomwe lidasaina pepala lija lidasunga lumbiro lomwe adachita pa tsiku la ukwati, loti adzasamala mkazi wake pa mtendere ndi pa mavuto. Pomwe tikulemba pano banjali likadadikira. Mayi akumwa kapiritsi kake m'mawa uliwonse, ndipo Lamulungu lapitali tidawaona atabwerera pa benchi lawo lakale, kutsogolo.

Tipemphere: Atate wachifundo, Inu mudziwa ana omwe ife sitidawaone nkhope. Tonthozani mabanja omwe adasankha mwa misozi, chotsani mlandu womwe adadzisenzetsa, patsani nzeru madokotala ndi azamba, ndipo mutiphunzitse kudikira pamodzi ndi odikira. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.